Ku Mchinji N'kongodutsa? Mafunso ndi Mayankho pa za Nyumba Zakale za Kumalire

Basi ikachoka mu Lilongwe n'kulowa msewu wa M12 kuloza kuzambwe, maganizo a ambiri okweramo amakhala atafika kale ku Chipata kapena ku Lusaka. Amawerengera za msonkho wa katundu ndi za kusintha ndalama pa boda, ndipo boma la Mchinji amangolionera pa zenera: minda ya fodya, mtedza ndi soya, msika wa pa Waliranji, mphambano ya pa Kamwendo, kenako mapiri aja amene mtsinje wa Bua umayambirako. Boma la anthu oposa 600,000, malinga ndi kalembera wa 2018, lazolowera kukhala njira. Ine ndikuti lili nazo zoti munthu n'kutsikira basi, ndipo chimene chikusowa ndi anthu osamala makoma ake akale ndi kufotokoza nkhani za makomawo. Chitsanzo changa ndichitenga ku dziko la Spain. Mafunso otsatirawa ndi amene munthu wokayika angafunse, ndipo ngoyenera kuwayankha mosazemba.

Kodi nyumba zakale za ku Spain zikulowa bwanji pa nkhani ya Mchinji?

Zikulowa chifukwa Spain ndi dziko limene laonetsa poyera kuti makoma akale amatha kudyetsa anthu amoyo. M'chaka cha 2024 dzikolo linalandira alendo akunja pafupifupi 94 miliyoni, pomwe eni dziko sakwana ndi 50 miliyoni omwe. Ambiri amatsata dzuwa ndi mchenga wa kunyanja, izo n'zoona, koma enanso miyandamiyanda amakafola pa mzere kuti aone zimene anthu akale anamanga. Ku Segovia amakaima pansi pa ngalande ya madzi imene Aroma anaimika zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, ya miyala ikuluikulu yongosanjikiza popanda dothi kapena laimu woigwiriza, yotalika mpaka mamita 28. Ku Córdoba amalowa mu mzikiti wa mizati mazanamazana umene Abd al-Rahman I anayamba kumanga cha m'ma 785. Ku Granada amakwera chitunda kukaona Alhambra, likulu la mafumu achisilamu omaliza m'dzikomo, amene anagonja mu 1492. Ku Barcelona amakaona tchalitchi cha Sagrada Família, chimene ntchito yake inayamba mu 1882, ndipo mmisiri wake Antoni Gaudí anamwalira mu 1926 chisanafike ndi pakati pomwe.

Munthu akayang'anitsitsa chimene alendowa amalipirira, apeza kuti gawo lalikulu ndi nkhani. Pakhomo pali chikwangwani chonena amene anamanga, liti, ndi chifukwa chake. Pali wotsogolera alendo amene anaiphunzira mbiri ya malowo ndipo amadya nayo. Pali timabuku, mapu, ndi njira yolambulidwa yochokera pa nyumba iyi kupita pa inayo. Kuchotsapo zonsezi, ngalande ya ku Segovia munthu angaiyang'ane mphindi zisanu, n'kujambula, n'kumapita. Chimene chimamugoneka m'tauniyo ndi kumudyetsa m'malesitilanti ake ndi chakuti wina wamufotokozera chimene akuona. Mbali imeneyi Mchinji angaitengere, ndipo siilira miyala ya Aroma.

Ndiponso Spain sali patali ndi Mchinji monga momwe mapu amaonetsera. Parishi ya Kapiri, pa msewu wopita ku Kasungu, yakhala m'manja mwa ansembe Achikarimeli amene anadza kuno kuchokera ku Navarra, ndipo chipatala cha Our Lady of Mount Carmel cha pomwepo chimayendetsedwa ndi masisitere a Carmelite Missionaries, chipani chimene Francisco Palau anayambitsa ku Spain. Muzu wa onsewa uli ku Ávila, mzinda wozingidwa ndi linga la miyala, kumene Teresa woyera anatsegula nyumba yoyamba ya Achikarimeli a moyo wokhwima mu 1562. Mayi amene akukachira ku Kapiri ndi mlendo amene akuyenda pamwamba pa linga la Ávila ali m'nkhani imodzi, ngakhale onse awiri sakudziwa.

Koma tisanamizane. Nyumba ya njerwa zootcha ya ku mishoni ya Kachebere ingaime pamodzi ndi Alhambra?

Pa kukongola ndi pa zaka, ayi, ndipo kukokomeza kungangotichotsera ulemu. Koma funsoli labisa maganizo awiri amene ali olakwika, ndipo Alhambra yemweyo ndiye akuwatsutsa. Loyamba ndi lakuti nyumba yoyenera kuisunga ndi ya miyala yokha, kuti dothi ndi njerwa n'zaumphawi. Makoma ambiri a Alhambra ndi dothi lofiira losakaniza ndi laimu, lotsenderedwa pakati pa matabwa, pamodzi ndi njerwa. Zokongoletsa za m'kati zimene anthu amazizwa nazo ndi pulasitala wogoba ndi matabwa. Mmisiri wa ku Mkanda kapena ku Ludzi amene anamangapo nyumba ya mdindo angazindikire ntchitoyo msanga. Dothi limenelo lakhala zaka zoposa 600 chifukwa chakuti wina wakhala akuonetsetsa kuti madzi a mvula asalowe pamwamba pake.

Lachiwiri ndi lakuti malo otchukawa anakhala otchuka chikhalire. Alhambra inafika poti n'kuiiwala. Mu 1812 asilikali a ku France, pochoka, anaphulitsa zina mwa nsanja zake. M'zipinda za mafumu munkagona mabanja osauka, akumasonkha moto m'menemo. Mlembi wa ku America, Washington Irving, anakhalamo mu 1829, n'kutulutsa buku lonena za malowo mu 1832, ndipo bukulo linakopa maso a anthu akunja. Boma la Spain linaika Alhambra m'gulu la chuma cha fuko mu 1870. Katswiri wina, Leopoldo Torres Balbás, anatha zaka za 1923 mpaka 1936 akukonza madenga ndi makoma mosamala, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowo m'kaundula wake mu 1984. Lero kumalowa anthu oposa 2 miliyoni pa chaka. Pakati pa bwinja logonamo osauka ndi mzere wa alendo wa lerowu panadutsa mlembi, lamulo, mmisiri ndi zaka zambiri za kupirira.

Za msinkhu nazonso tisamadzichepetse kwambiri. Chaka chimene anayala maziko a Sagrada Família, 1882, n'chomwechonso anamanga nyumba ya Mandala ku Blantyre. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, ku Blantyre komweko, chinatha mu 1891. Pamene Gaudí ankamanga Casa Milà ku Barcelona, pakati pa 1906 ndi 1912, nyumba imene anthu a nthawiyo ankainyoza koma lero ili m'kaundula wa UNESCO, n'kuti mishoni ya Kachebere itakhazikitsidwa kale. Nyumba ya zaka 80 kapena 100 ili pa msinkhu woopsa kwambiri: yakalamba moti ikudontha, koma sinakalambe moti anthu n'kuyamba kuilemekeza. Zambiri zimagwetsedwa pa msinkhu umenewu, ndipo zakale za ku Mchinji zili pomwepo.

Nanga munthu akatsika basi pa Mchinji, akaone chiyani?

Akaone m'mene malire anabadwira, chifukwa iyo ndiyo nkhani imene boma ili lingaifotokoze kuposa boma lina lililonse m'chigawo chapakati. Iyambira kwa Achewa. Mpwitikizi wina, António Gamitto, podutsa kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831, analemba za Mkanda ngati mfumu yamphamvu pakati pa Achewa, ndipo dzina la Mkanda lilipo mpaka lero kumpoto kwa bomali. Patapita zaka makumi angapo kunafika Angoni a Mpezeni, mwana wa Zwangendaba uja anaolotsa anthu ake Zambezi mu 1835, nakhazikika m'mapiri a kuno ndi a tsidya linalo. Nthawi imeneyo panalibe tsidya. Dziko linali limodzi.

Mu January 1898 asilikali a Britain ochokera mbali ya kuno, okhala ndi mizinga ndi mfuti za chiwaya, anathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Azungu a kampani ya North Charterland ankakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Angoni anagonja, Nsingu mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo anaomberedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Mpezeni mwini wake anasungidwa kwa pafupifupi chaka pa linga latsopano la atsamunda asanamubwezere kwawo, kumene anamwalira mu 1900. Lingalo ndilo Fort Manning, lotchedwa dzina la William Manning amene analamulira nkhondoyo ndipo pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland, wa Jamaica ndi wa Ceylon. Tsidya linalo kunamangidwa Fort Jameson, Chipata wa lero. Malire anatsata msana wa mapiri, pamene madzi ena amatsikira ku Luangwa ndi ena ku nyanja ya Malawi, ndipo anadula mitundu pakati. N'chifukwa chake Inkosi Mlonyeni ndi Inkosi Zulu ali m'Malawi pomwe Inkosi ya Makosi Mpezeni ili m'Zambia, ndipo Achewa a ku Mchinji amaoloka boda kupita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. Mwana aliyense wa ku Mchinji amamva kuti bomali linkatchedwa Fort Manning. Ndi angati amene anaimikidwapo pamalo pamene panali linga, n'kuuzidwa kuti apa panasungidwa mfumu ya Angoni?

Mfuti zitangoleka kulira kunabwera mabelu. Mabunu a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, mu 1899, ndipo anzawo a ku Nkhoma anadzatsegula mishoni ya Mchinji mu 1914. Ansembe a White Fathers, amene anayamba Mua mu 1902, anafika ku Kachebere mu 1903, patsinde pa phiri la Kalulu, pafupi kwambiri ndi malire. Apa mpoyenera kuimapo nthawi. Mu 1939, pa nthawi ya Ambuye Oscar Julien, pa Kachebere panatsegulidwa seminale yaikulu, ndipo kwa zaka zambiri anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia ankaphunzira limodzi m'menemo. Ambuye Patrick Kalilombe, amene anadzakhala episikopi wa Lilongwe mu 1972, anadutsa pa Kachebere. Ambuye Emmanuel Milingo, amene anakhala arkiepisikopi wa Lusaka mu 1969, anadutsa pomwepo. Kadinala Medardo Mazombwe, Mzambia amene anapatsidwa ukadinala mu 2010, nayenso ndi mwana wa Kachebere. Ndi nyumba zochepa m'dera lino la Africa zimene zingaloze atsogoleri a mayiko awiri n'kunena kuti onsewa anadya nsima m'chipinda chimodzi. Chiyambire pamene seminale ya St Peter inatsegulidwa ku Zomba mu 1977, Kachebere amaphunzitsa gawo loyamba la maphunziro a unsembe, ndipo nyumba zake zikugwirabe ntchito imene anazimangira.

Kuchoka apo pali Guilleme, parishi yotchedwa dzina la Ambuye Mathurin Guillemé, Mfalansa amene anatsogolera ansembe oyamba aja ndipo anakhala episikopi mu 1911. Pali Ludzi, ndi chipatala chake ndi sukulu yake ya atsikana imene yatulutsa amayi ambiri ophunzira m'dziko muno, ntchito ya masisitere a Charity of Ottawa ochokera ku Canada. Pali Kapiri wa anthu a ku Spain uja. M'boma limodzi la alimi muli zala za Afalansa, Mabunu, a ku Canada ndi a ku Spain, ndipo pansi pa zonsezo pali manja a Achewa ndi Angoni amene anaumba njerwa.

Siteshoni ya sitima nayo isanyozedwe. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kuima pomwepo. Kachigawo kotsala kokafika ku Chipata, kosakwana makilomita 30, kanadikira mpaka 2010. Zaka 30 za njanji yothera m'tchire zikunena zambiri za m'mene mayiko awiri a chinenero chimodzi anakhalira moyang'anana kumbali. Ulendo ungathere pa chipata chatsopano cha Mwami, chimene atsogoleri a mayiko awiriwa pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegula mu December 2022 kuti woolokayo azionetsa ziphaso zake malo amodzi. Kuyambira pa linga la 1898 kufika pa chipata cha 2022, munthu waona malire akuikidwa, akuumitsidwa, kenako akufewetsedwa.

Zambiri mwa izi n'za atsamunda ndi amishoni. Tisamalirenji zinthu za anthu amene anatilanda dziko ndi kunyoza miyambo yathu?

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo wofunsayo sakulakwa pa zimene akukumbukira. Fort Manning anamangidwa kuti aopseze anthu. Amishoni analimbana ndi gule wamkulu kwa zaka zambiri, kuletsa akhristu awo kuvina kapena kuonerera. Wolemba mbiri Ian Linden analongosola mkangano wa Akatolika ndi Nyau m'buku lake la 1974, atawerenga mabuku amene ansembewo ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Dziko litalandira ufulu tinachita bwino kufufuta maina a atsamunda: Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald anakhala Nsanje, Fort Hill anakhala Chitipa, Fort Manning anakhala Mchinji. Dzina la tauni ndi ulemu, ndipo Manning sanayenere ulemu umenewo. Koma kuchotsa dzina ndi kutaya malo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Malo ndi mboni. Tsiku limene chizindikiro chomaliza cha linga chidzafafanizika, amene adzapindule ndi Manning, chifukwa sipadzakhalanso poloza pofotokoza zimene zinachitikira Nsingu ndi atate ake.

Spain anayenda m'njira yomweyi, ndipo mbiri yake ndi yowawa. Akhristu atalanda Córdoba mu 1236 sanagwetse mzikiti; anausandutsa tchalitchi, ndipo kuyambira mu 1523 anamanga kachisi wawo pakati penipeni pa mizati ya Asilamu. Ku Sevilla nsanja ya Giralda, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1100 kuti aziitanirapo anthu ku swala, anaiikamo mabelu. Dziko lomwelo linathamangitsa Ayuda mu 1492, ndipo pakati pa 1609 ndi 1614 linathamangitsanso zidzukulu za Asilamu ngakhale zinali zitabatizidwa. Akanagwetsa ndi nyumba zomwe, lero kukanakhala kosavuta kunama kuti Spain sanakhalepo wa wina aliyense koma Akhristu. Makoma amene anatsala ndiwo amatsutsa bodzalo tsiku ndi tsiku. Posachedwapa, mu 2019, boma la Spain linafukula mtembo wa Francisco Franco, wolamulira wankhanza uja, kuuchotsa m'chimanda chachikulu chimene anamangitsa pogwiritsa ntchito akaidi, koma chimandacho sanachiphwasule. Anamuchotsera ulemu, umboni anausiya.

Palinso china chimene funsoli laiwala. Wansembe wa ku France kapena mbusa wa Chibunu ankabwera ndi pulani ndi chingwe choyezera. Amene anaponda dothi, kuumba, kusanja uvuni, kusenza mitengo kuchokera kuphiri ndi kukwera pa denga anali agogo a anthu amene akulima fodya ku Mchinji lero. Ku Blantyre zimadziwika bwino kuti St Michael anamangidwa ndi anthu akuda amene anaphunzira ntchitoyo ali pa khoma pomwepo, motsogozedwa ndi David Clement Scott amenenso sanali katswiri wa zomanga. Tikamati nyumba izi n'za azungu, tikuwalanda agogo athu ntchito yawo kachiwiri. Ndipo nkhani ya gule inathera pena: UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndipo ku Mua, mishoni ya White Fathers omwe aja, ndi kumene lero kuli nyumba yosungiramo zilombo za gule mazanamazana, ntchito imene Bambo Claude Boucher anayamba pa Kungoni mu 1976. Wotsogolera alendo wa ku Mchinji azidzanena zonsezi, zoipa ndi zabwino, pamaso pa wansembe ndi pamaso pa mfumu.

Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa. Anthu akusowa feteleza, zipatala zikusowa mankhwala. Ndalama zokonzera makoma akale zichokera kuti?

Wonena izi akuganiza za mapulojekiti a mamiliyoni, pomwe chimene chimapha nyumba yakale kuno kwathu n'chaching'ono: lata limodzi lotoboka, ngalande yodzadza masamba, mtengo wa kachere womera pa khoma, chiswe cholowa pa phaso. Madzi akalowa pamwamba pa khoma la njerwa zomangira dothi, mvula za zaka zitatu zimakwanira kuligwetsa. Kusintha lata, kutsegula ngalande mvula isanayambe ndi kuzula timitengo ndi ntchito imene mphakati umodzi kapena kalasi imodzi ya sekondale ingagwire Loweruka limodzi. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina ndalama ndizo zimaononga. Mpingo ukapeza thandizo umathamangira kumata khoma lakale ndi simenti, kuchotsa mazenera a matabwa n'kuikapo a chitsulo, kapena kugwetsa tchalitchi chonse kuti pamangidwe chachikulu. Simenti imatsekera chinyezi m'kati mwa njerwa zofewa, ndipo njerwazo zimafumbutuka kuseri kwa pulasitala wooneka bwino. Khoma lakale limafuna laimu kapena dothi, zimene zimalola chinyezi kutuluka. Mpingo umene wakula umange tchalitchi chatsopano pambali, chakalecho chisanduke holo, laibulale kapena kalasi.

Kupatsa nyumba yakale ntchito ndiyo nzeru imene Spain anaigwiritsa kwambiri. Kuyambira mu 1928 boma lakumeneko lakhala likutsegula mahotela otchedwa Paradores, ambiri mwa iwo m'malinga ndi m'nyumba zakale za ansembe, ndipo lero alipo pafupifupi 100. Mlendo akalipira chipinda, walipiriranso denga. Koma chitsanzo choyenera Mchinji kwambiri ndi cha njira ya oyenda pansi yopita ku Santiago de Compostela. Njirayo inali itatsala pang'ono kuiwalika pamene wansembe wa m'kamudzi ka kuphiri ka O Cebreiro, Bambo Elías Valiña, anatenga penti wachikasu m'zaka za m'ma 1980 n'kumajambula mivi pa miyala ndi pa mitengo kuti oyenda asasochere. Mu 2024 anthu pafupifupi 500,000 analandira chikalata chosonyeza kuti aiyenda njirayo, ndipo midzi imene inkatha anthu ikugulitsa malo ogona ndi chakudya. Chiyambi chake chinali chitini cha penti ndi munthu wodziwa mbiri ya kwawo.

Mchinji safunika kuitana anthu kuchokera kutali, chifukwa akudutsa kale. Kumapeto kwa February Angoni a ku Malawi amaoloka pa Mwami kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni. Kumapeto kwa August magalimoto odzaza Achewa amadutsa pomwepo kupita ku Kulamba. Chaka chonse amalonda, oyendetsa mathiraki ndi azungu oyendera mayiko akupita ku South Luangwa amapondapo. Mmodzi yekha pa anthu 100 aliwonse atapatuka kwa maola atatu, wakabaza, mayi wogulitsa nsima, mwini malo ogona ndi mnyamata wofotokoza mbiri onse angaonepo kanthu. Sindikunena kuti zokopa alendo zidzalowa m'malo mwa fodya kapena mtedza. Ndikunena kuti ndi ndalama imene ikudutsa pakhomo tsiku lililonse osaima.

Alendowo akachuluka sadzabweretsa mavuto?

Walira mvula walira matope, ndipo ku Spain matopewo akuoneka. Mu July 2024 anthu a ku Barcelona anachita zionetsero zodandaula kuti alendo achuluka ndipo lendi yakwera moti eni mzinda akulephera kukhala m'mzinda wawo. Ku Alhambra matikiti ndi owerengeka ndipo aliyense amapatsidwa ola lake lolowera. Mchinji ali kutali ndi vuto lotere, koma malamulo amakhala osavuta kuika anthu asanachuluke. Kachebere ndi sukulu ndi nyumba ya mapemphero. Eni ake ndiwo anene masiku ndi maola olandira alendo. Zipatala za Ludzi, Guilleme ndi Kapiri muli odwala, osati zoonerera. Kumanda ndi kudambwe si kokajambula, ndipo mlendo wofuna kuona gule apemphe kwa mfumu ndi kutsata zimene wauzidwa. Ndalama yolowera izitsala pamalopo, izikonza denga limene mlendoyo wabwera kudzaona.

Tsono ayambe ndani?

Lamulo lilipo. Monuments and Relics Act ya 1990 imapatsa boma mphamvu yoteteza malo ndi nyumba za mbiri, ndipo nthambi ya Museums and Monuments ndiyo imayang'anira ntchitoyo. Dziko lino likudziwa kale phindu la kutero: zojambula za pa miyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006 chifukwa panali anthu amene anayenda phanga ndi phanga akulemba zimene zilimo. Koma ofesi ya ku likulu singadziwe denga lililonse lodontha kumalire, ndipo singateteze chimene palibe anailozera. Ntchito yoyamba ndi ya Khonsolo ya Mchinji, pamodzi ndi mafumu, Arkidayosizi ya Lilongwe ndi Sinodi ya Nkhoma: kulemba m'kaundula nyumba ndi malo onse akale, chaka chake, mwini wake ndi m'mene alili lero, n'kujambula chilichonse. Foni ndi kope zikwanira. Yachiwiri ndi zikwangwani, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chimodzi pamalo alionse ndi china chachikulu pa boda chouza wodutsa kuti pafupi pompano pali Kachebere ndi malo a Fort Manning. Yachitatu ndi kukambirana ndi a ku Chipata, chifukwa theka la nkhaniyi lili ku Magwero, ku Mtenguleni ndi ku Mkaika, ndipo mlendo sangaimvetse akaona mbali imodzi.

Pali ntchito ina imene singadikire bajeti. Anthu amene anakula bomali likutchedwa Fort Manning, amene anaona njanji ikuyalidwa, amene makolo awo anaumba njerwa za pa mishoni, tsopano ndi okalamba, ndipo chaka chilichonse ena akutisiya. Mabuku a ansembe ndi makalata a ku National Archives ku Zomba amasunga maina a azungu amene analamula. Maina a amene anamanga ali m'mitu mwa agogo amenewa basi. Inu aphunzitsi a mbiri a ku Magawa, ku Ludzi ndi m'masukulu onse a m'bomali, temu ino tumani ophunzira anu kwa agogo awo ndi kope ndi foni, akafunse amene anamanga tchalitchi, sukulu kapena sitolo yakale ya m'mudzi mwawo, alembe maina ndi zaka. Mukatero muwatengere anawo ku Kachebere akaone okha.